Zigamba za Khoma la Kumbuyo

Musaponye nkhuni zonsezo kamodzi, anyamata inu. Njerwa sipsa ndi ukali wa moto, imapsa ndi kudikira. Khalani pansi apa. Poti uvuniwu utichezetsa, ndikuuzeni za nyumba ija mumaidutsa mukamatsikira ku Chimbwala, yakhonde lalitali ija, imene mukafika pafupi nayo mumayamba kupalasa njinga mwamphamvu osadziwa chimene mukuthawa.

Nyumba imene ija anaimanga mzungu wogula fodya, agogo athu akadali anyamata. Ine ndaumba njerwa moyo wanga wonse, koma njerwa ngati zija sindinaumbepo. Imodzi yokha kuti uinyamule uyambe wakokera mpweya. Khoma lake n'lochindikala moti mwana akhoza kugona pa zenera osagwa. Khonde linazungulira mbali zitatu, nsanamira zake zanjerwanso. Chitseko cha kumaso n'chamlombwa, chotambalala, chifukwa ankalowetserapo mabelo a fodya, ndipo pa mtanda wa pabalaza pakadali ngowe imene ankapachikapo sikelo. Koma mbali ya kumbuyo, yoyang'ana kolowera dzuwa, kumene kanjira kamatsetserekera ku dambo, mzunguyo sanaikeko zenera kapena khomo. Akuti ankaopa akuba. Kunali khoma lokhalokha kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake.

Mzungu atachoka, nyumbayo inayenda m'manja ambiri. Poyamba munkagona anthu a ku migodi. Lole yochokera kumwera inkawatula pamenepo, iwo n'kumadikira ina yopita kumpoto, nthawi zina sabata yathunthu. Kenako inakhala khoti, n'chifukwa chake kachipinda kena kali ndi zitsulo pa zenera. Inakhalaponso sukulu ya kwacha, ndipo mayi anga anaphunzirira momwemo kulemba dzina lawo, ngakhale kuti mpaka imfa yawo chilembo choyamba chinkayang'ana kumbuyo. Inasungapo feteleza. Pamapeto pake munatsala mbuzi ndi mileme. Aliyense wolowamo ankapaka laimu wake pamwamba pa laimu wa mnzake, moti palibe amene ankadziwanso mmene makomawo ankaonekera pachiyambi.

Msuweni wanga Lekeleni analowamo chaka chija mvula inagwetsa nyumba zambiri. Mwamuna wake, Damiyano, anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene anatha zaka zambirimbiri akuthirira maluwa a eni ake. Lekeleni anamudikira zaka zonsezo. Ife asuweni ake tinkamuseka kuti anakwatiwa ndi foni, ndipo ine ndinkamuuza kuti angosamukira kwa ine, paja msuweni ndi mkazi. Iye ankandiyankha kuti mwamuna wake adzabwera ndi galimoto, ndipo ine ndidzakwera kumbuyo pamodzi ndi mbuzi. Anabweradi Damiyano, koma galimoto analibe. Anabwera ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chachikulu, munthu atatha ngati bango. Mwezi womwewo nyumba yawo yazidina inagwa mbali imodzi, ndipo anthu a m'mudzi anati wodwala sangagone pa mvula, mbuzi zituluke m'nyumba yakale ija alowemo iwo.

Namwino woyendera odwala atabwera, anaima pabalaza, nanunkhiza, n'kupukusa mutu. Anati mankhwala okha sangamuthandize munthu wogona mu mdima ndi chinyezi chotere, chifuwa chimenechi chimafuna mphepo yodutsa ndi dzuwa. Lekeleni sanadikire kuuzidwa kawiri. Munthu amene wamudikira zaka zonse zija sakanalola kuti amulande ndi khoma. Anaitana mmisiri wa kutsidya kuti aboole mazenera kumbuyo. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Mponela, kuotcha njerwa za tchalitchi.

Mmisiriyo anamenya khoma ndi hamala, hamala n'kumangodumpha. Anayenda nalo khomalo akugogoda mpaka anafika pena pamene panalira mosiyana. Atapala laimu anapeza chigamba. Zinali njerwa zing'onozing'ono, zina zosapsa n'komwe, zomatidwa ndi dothi lokha, ntchito ya munthu wothamangitsana ndi dzuwa. Anapalanso patsogolo napeza china, kenako chinanso. Zigambazo zinali zam'munsi, kuyambira m'mawondo kulekeza pachifuwa. Mmisiri anakondwa kuti ntchito yapepuka. Ndisamunamizire mnzanga, mmisiri aliyense akanaboola pomwepo, ndani angalimbane ndi polimba pofewa palipo? Anatsegula zitatu. Lekeleni naye anakondwa kuti mazenera ali m'munsi, chifukwa Damiyano akanatha kuona kunja ali chigonere. Mafelemu anati adzaika akapeza bwino, ndiye anangopachikapo masaka.

Masabata oyamba zinthu zinayenda. Mphepo inkalowa, dzuwa la madzulo linkafika mpaka pa mphasa, Damiyano anayamba kudya ndi kutulukira pakhonde. Lekeleni anandiimbira foni akuseka, akuti ndikonzeke, galimoto ija ikadali m'njira.

Tinthu tinayamba pang'onopang'ono, totha kutinyalanyaza. Madzi a mu mtsuko anayamba kutha msanga. Lekeleni akadzaza madzulo, m'mawa ankapeza atafika pakati, ndipo kapu inkapezeka pa zenera la kumbuyo, yovundikira bwinobwino, monga amachitira mlendo waulemu akamwa madzi pakhomo pa eni. Anaganiza kuti ndi mwamuna wake. Bulangete limene anayanika pa chingwe linasowa, n'kudzapezeka m'kachipinda kazitsulo kaja litayalidwa pansi, pakati pake patalowa. Galu wawo, amene ankakonda kugona mu mthunzi wa kumbuyo, anasamukira kumaso, ndipo ukamuponyera chakudya kuseriko ankangochiyang'ana. M'nyumba munayamba kumveka fungo la zovala zonyowa ndi fodya wopichira, chikhalirecho Damiyano anasiya fodya kalekale. Ndipo m'munsi mwa mazenera atatu aja, pamene mmisiri anasiya njerwa zokhakhala, panayamba kusalala ngati benchi la pa chigayo.

Ine ndinabwerera kumudzi chimanga chitamasula. Ndinatsika pa msewu wa tala n'kuyamba kuyenda pansi, dzuwa litapendeka koma kukutenthabe. Pafupi ndi mlatho wakugwa uja ndinapeza munthu ataima m'mbali mwa njira, atavala chijasi chachitali ndi chipewa, pambali pake pali bokosi lachitsulo. Ndinam'patsa moni. Anayankha mwaulemu wakale, wogwira chipewa, kenako anafunsa.

"Zikomo, achimwene, kodi lole ya kumpoto yadutsa?"

Ndinamuuza kuti msewu umenewo sudutsa lole, mlatho unagwa ine ndili mwana, ngati akufuna minibasi abwerere ku tala. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo cha kwina. Kenako anati, "Ndiye tidikira." Anasenza bokosi lake, napatukira m'kanjira kopita kuseri kwa nyumba ija, akutsokomola. Ndinaganiza kuti ndi m'bale wa Damiyano. Nkhope yake musandifunse. Ndinaima naye pafupi ngati pamene mwakhala inupa, koma ndikayesa kumukumbukira ndimangoona chipewa.

Lekeleni ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumunyoza monga mwa masiku onse, koma ankaseka mochedwa, maso ali ku chitseko. M'nyumba Damiyano anatsokomola. Chifuwa chake ndinkachidziwa, chinali chouma, chothera m'mwamba. Atangomaliza, wina anatsokomola kuchokera ku ngodya ina, chifuwa chonyowa, cholemera. Kenako winanso, chapansipansi, ngati munthu wobisa kukamwa m'malaya. Ndinafunsa ngati mlendo uja wafika kale. Nyemba zinaleka kulira mu lichero.

"Wamvanso iwe?" anatero. "Ndimayesa mutu wangawu."

Pa nkhope yake panali mantha, koma panalinso mpumulo, ndipo mpumulowo ndi umene unandimvetsa chisoni. Anali atanyamula zimenezi yekha masiku ambiri, osauza munthu, kuopa kuti anthu anganene kuti kudwazika kwamusokoneza.

Tinalowa. M'chipinda munali Damiyano yekha. Mphasa yake anali ataikokera pa ngodya, kusiya bwalo lonse pakati, ndipo nditaponda kuti ndikam'patse moni anakweza dzanja. Anati, alamu, lambalalani, musaponde apo. Ndinalambalala, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kulambalala pansi popanda kanthu. Anali wosangalala tsiku limenelo. Anandifotokozera za pansi pa mgodi, mmene chikepe chimatsikira makutu n'kutseka, mmene mwala umalirira usanagwe, mmene fumbi limakomera ngati chitsulo m'kamwa. Munthu ameneyu mgodi sanauonepo, ntchito yake inali payipi ndi maluwa. Nditamufunsa kuti wazimva kuti, anati anzake apaulendo. Anati ndi anthu abwino, angotopa, savuta, amangopempha madzi ndi kufunsa za lole. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake, nanena mofatsa ngati nkhani yabwino.

"Akuti ikabwera, malo anga alipo."

Lekeleni anatuluka panja. Ndinamupeza atagwira nsanamira ya khonde ndi manja onse awiri.

M'mawa mwake ndinapita kukafuna a Gwedeza. Inu simunawaone. Anali mdzukulu wamkulu wa m'mudzi uno, anakumba manda kuyambira ali mnyamata mpaka msana utakana, ndipo masiku amenewo ukawafuna unkangopita kumene akutcheza kachasu. Ndinawafotokozera za madzi ndi bulangete, iwo akuseka, akuti mileme ya masiku ano yaphunzira ulemu. Nditatchula za mazenera a kumbuyo, anaika botolo pansi. Anafunsa ngati mmisiri anaboola pa khoma lenileni kapena pa zigamba. Nditayankha, mowa unawathera m'maso ndikuona.

Anati masiku a migodi, ambiri obwerera ankatsika lole ali odwala kale, ndipo ena lole yachiwiri inkawapeza atatsamira mkono. Anali alendo, a ku Kasungu, a ku Mzimba, ena a kutali kwambiri, opanda m'bale wowalira. Mwambo wathu unali woti nyumba imene munthu waferamo ipasulidwe, kuti mzimu usakakamire pamenepo. Koma nyumba yanjerwa ya eni ake akanaipasula ndani? Ndipo munthu wofera m'njira sadziwa kuti ulendo watha. Ukamutulutsira pa khomo amabwerera pa khomo pomwepo, kudzadikira lole yake. Ndiye adzukulu ankaboola khoma la kumbuyo, kutulutsirapo mtembo, n'kumata tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mzimu umabwerera njira imene unatulukira. Ukafika n'kupeza khoma, umazungulirazungulira, kenako umatopa. Chigamba chilichonse anachitsegula ndi kuchimata kangapo, iwo eni a Gwedeza anamatako ali mnyamata.

"Ndiye mwawatsegulira," anatero. "Zaka zonsezi ali panja."

Ndinawakalipira kuti bwanji sananene anthu akulowa m'nyumbamo. Anati ndani anawafunsa, munthu woledzera amafunsidwa njira ya ku mowa basi. Anandilangiza kuti ndimate zonse zitatu masana, dzuwa lili paliwombo, chifukwa nthawi imeneyo alendowo amakhala ali ku msewu kuyang'ana lole. Ndikamata nthawi ina ndiwatsekera m'kati. Ndipo anati ndifulumire, chifukwa wodwala akazolowerana ndi anthu otere amaleka kudikira kuchira, amayamba kudikira nawo limodzi.

Nditakamufotokozera, Lekeleni anamvetsera zonse osaphethira. Anafunsa funso limodzi, kuti nanga mpweya uja namwino ananena ulowera pati. Ndinamuuza kuti tidzaboola pena, pa khoma lenileni, koma tonse tinkadziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya masiku, ndipo fumbi lake wodwala sakanalipirira. Anavomera. Ndinamata masana omwewo ndi njerwa zanga zabwino. Damiyano sanatiletse. Anangotembenukira ku khoma, misozi ikutsikira m'khutu, n'kufunsa kuti mvula ikabwera anzake akabisala kuti.

Zimene zinachitika kutada sindinazione, anandiuza ndi Lekeleni. Chipinda chinabwerera mwakale, chinyezi ndi kutentha, ndipo Damiyano anayamba kubanika. Lekeleni anamukhazika tsonga, akumukupiza ndi lichero, chitseko cha kumaso chili chotsegula, koma mphepo inalibe kotulukira. Ndiye kunja kwa khoma kunayamba kumveka manja. Sikunali kugogoda. Zinali zikhatho zikusisita khoma, pang'onopang'ono, kuchokera pa ngodya ina kupita pa inzake n'kubwereranso, monga amachitira wakhungu pofuna chitseko. Pa zigamba zinkaima, kenako n'kupitirira. Palibe amene anaitana kapena kudandaula. Iye akuti kufatsa kwawoko ndi kumene kunamuzizira m'mafupa.

M'mawa ndinapeza chigamba chapakati chili chotsegula, njerwa zanga zitasanjidwa bwinobwino m'kati. Ndinayesa ndi alendo aja. Koma nditayang'ana Lekeleni ndinaona dothi m'zikhadabo zake ndi magazi pa zala. Damiyano anali m'tulo, nkhope ili pafupi ndi chibowocho, akupuma bwino.

"Amabanika," anatero msuweni wanga. "Ndimuonerere akutha mpweya chifukwa choopa anthu amene anafa kale?"

Kuyambira tsiku limenelo anagula mtsuko wachiwiri. Ankati bola amwe madzi akewo, mwamuna wake amusiye. Madzulo ankakhala pakati pa mphasa ya Damiyano ndi chibowo chija, atatambasula miyendo, kuti aliyense wofuna kulankhula ndi mwamunayo ayambe wadutsa pa iye. Galimoto iliyonse ikalira kutali ku tala, ankamugwira mwamuna wake pa mkono mpaka phokosolo litazimirira. Anthu analeka kudzazonda. Ngakhale amayi a mvano ankaimba nyimbo zawo ali pakhonde, m'nyumba osalowa.

Damiyano anapirira mpaka nthawi yokolola. Anamwalira masana, mutu uli pa miyendo ya mkazi wake. Lekeleni akuti atatsala pang'ono anatsegula maso, nayang'ana pakati pa chipinda, nakweza dzanja ngati munthu wokana mpando pa basi. Anati, pitirirani, anzanga, ine kwathu ndi kuno. Lekeleni analira, koma polira pakepo panali kunyada. Alendo aja sanamutenge, anafera m'manja mwake.

Pa maliro ndi pamene tinadabwa. Damiyano anali munthu wa pamudzi, anayenera kutulukira pa khomo ngati wina aliyense. Koma Lekeleni anaumirira kuti bokosi litulukire pa chibowo cha kumbuyo. Adzukulu anayang'anizana, anakafunsa a Gwedeza, ndipo iwo anati palibe choipa, bola akangobwera ku manda amate dzuwa lisanalowe, nkhani ya nyumbayo ithere pomwepo. Anakuzako chibowocho pang'ono, bokosi linadutsa. Ine ndinakandiratu dothi.

Pobwera ku manda tinamupeza Lekeleni atakhala pa chibowo pomwepo, miyendo ili kunja, nsalu yakuda ili kumutu. Ndinamuuza kuti asuntheko, dzuwa likupita. Sanasunthe. Alongo ake anamunyengerera, abusa anamuwerengera mawu, azimayi anayesa kumunyamula, iye atagwira njerwa mbali zonse ziwiri. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene anachita, ndipo mtima wanga unasweka. Mawu a a Gwedeza aja anawamvetsa bwino kuposa tonsefe. Wotulukira pamenepo amabwerera pomwepo.

"Anapita ku Joni ndinamusiyira khomo lotsegula," anatero. "Ndimutsekere lero?"

Dzuwa linalowa tili chiimire. Dothi langa linaumira mu wilibala.

Papita zaka tsopano. Abale anamumangira nyumba ina kumtunda, yamalata, ya mazenera agalasi, koma mumagona zidzukulu zake. Iye akadali m'nyumba yakale ija. Ndimapitako ndikapeza mpata, masana, ndipo ndimakhala pakhonde. A Gwedeza asanamwalire ndinawafunsa ngati Damiyano angabweredi. Anati ayi. Amabwerera ndi amene sanafike. Munthu wofera kwawo, m'manja mwa mkazi wake, alibe chimene anasiya m'njira, amagona tulo take. Mawu amenewa ndinawasunga nthawi yaitali, ndipo mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kumuuza Lekeleni. Ndinati, msuweni, wakalamba, mphepo ya June ikulowera pamenepa, ndilole ndimate.

Anati akudziwa. Anati amabwera onse, amuna a eni ake, ndipo tsopano amawazindikira ndi zifuwa zawo mmodzimmodzi, koma chifuwa chouma chija, chothera m'mwamba, sanachimvepo ngakhale kamodzi. Kenako, akupukusa chimanga m'dengu, anafunsa.

"Nanga akadzabwera tsiku lomwe wamatalo?"

M'nyumba wina anatsokomola. Manja ake anaima, anapendeketsa mutu, namvetsera mpaka kutha. Kenako anatola chitsononkho china n'kupitiriza kupukusa.